CHINGEREZI NCHOPHUNZIRA TSIKU NDI TSIKU, OSATI MWEZI WA MAYESO WOKHA

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a Folomu 4 zikalengezedwa, m'midzi ndi m'matauni a dziko lino mumamveka nthungululu kwina, kwina kulira. Pakati pa olirawo pamakhala gulu lina la ana limene nkhani yake iyenera kuganiziridwa mofatsa ndi munthu aliyense wofunira maphunziro zabwino. Amenewa ndi anyamata ndi atsikana amene akhoza masamu, zaulimi, sayansi ndi Chichewa, koma agwa phunziro limodzi lokha la Chingerezi. Malinga ndi malamulo a bungwe la MANEB, limene lakhala likuyendetsa mayeso kuchokera ku Zomba chiyambire 1987, wophunzira salandira satifiketi ya MSCE ngati Chingerezi sichili pakati pa maphunziro amene wakhoza. Motero mwana wotere amabwerera kumudzi chimanjamanja, zaka zake zinayi ndi ndalama zimene makolo anabvutikira zili m'madzi.

M'mayeso amenewa giredi 1 ndi 2 ndiwo apamwamba zedi, 3 mpaka 6 ndiwo a kirediti, 7 ndi 8 ndiwo ongodutsa, ndipo 9 ndiko kugwa. Wofuna malo ku mayunivesite a boma ayenera kukhala ndi makirediti 6, ndipo imodzi mwa makirediti amenewo iyenera kukhala ya Chingerezi. Nzoonekeratu tsono kuti phunziro limeneli ndilo chipata chimene wophunzira aliyense wa sekondale ayenera kudzerapo, kaya akufuna unamwino, uphunzitsi kapena ulangizi wa zaulimi.

Alipo anthu ena, ndipo si anthu opepera, amene amanena kuti lamulo limeneli nlankhanza ndipo liyenera kuchotsedwa. Iwo amafunsa kuti mwana wodziwa bwino masamu angatsekeredwe bwanji njira chifukwa cha chiyankhulo chimene sanayamwire. Funso limeneli nlomveka, koma kuchotsa lamulolo kungakhale kubisa bala mmalo molitsuka. Kuyambira mu 1968, pamene msonkhano wa pachaka wa chipani cha Malaŵi Congress Party unagwirizana kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha dziko, Chingerezi chinakhalabe chiyankhulo chogwirira ntchito za boma. Malamulo a dziko lino amalembedwa m'Chingerezi, ndipo malamulo aakulu oyendetsera dziko amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuchiyankhula ndi kuchiwerenga. Mabuku ophunzitsira madokotala, anamwino ndi akatswiri a makina nawonso ali m'Chingerezi. Ngakhale m'chipinda cha mayeso momwemo, mafunso a masamu, a mbiri yakale ndi a zaulimi amafunsidwa m'chiyankhulo chomwechi. Mwana wopatsidwa satifiketi asanachidziwe angangokakumana ndi khoma lomwelo patsogolo, pamene palibenso mphunzitsi womuthandiza.

Chipatacho chikhalepo ndithu. Koma dziko limene laika phunziro limodzi kukhala chipata lili ndi ngongole kwa mwana aliyense, ndiyo yomupatsa mpata wokwanira wogwiritsa ntchito chiyankhulocho asanafike pa tsiku loyesedwa. Ngongole imeneyi siyikubwezedwa mokwanira m'sukulu zambiri, ndipo apa ndi pamene pagona bvuto.

Nkofunika kukumbukira kumene mwana wa Folomu 1 amachokera. Kunyumba amayankhula Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chitonga, Chisena, Chilomwe kapena Chinkhonde. Ngakhale lamulo la zamaphunziro la 1962 linalowedwa mmalo ndi la 2013, limene linati Chingerezi ndicho chiyankhulo chophunzitsira, m'makalasi oyamba a pulaimale aphunzitsi ambiri amafotokoza zinthu m'chiyankhulo chimene ana akumva, ndipo sangachitire mwina. Pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere mu 1994, ana a m'sukuluzi anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, ndipo aphunzitsi, zipinda ndi mabuku sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 malo amene kale anali ophunzirira mwa makalata anasandutsidwa sukulu za sekondale zoyendera za m'madera, zimene zambiri zinayamba ntchito popanda nyumba yowerengeramo mabuku. Mwana wodutsa m'njira imeneyi amalowa sekondale ali ndi Chingerezi chongokwanira kupereka moni ndi kukopera za pa bolodi.

Chimene sukulu zambiri zimachita pofuna kuthana ndi bvuto limeneli nchodziwika kwa aliyense. Teremu yomaliza ya Folomu 4 ikafika, mapepala a mayeso a zaka zapitazo amatulutsidwa, ndipo ana amayamba kuloweza mayankho usana ndi usiku. Ena amaloweza zimangirizo ziwiri kapena zitatu zolembedwa ndi munthu wina, nayembekeza kuti mutu wa pa mayeso udzafanana ndi chimodzi mwa zimenezo. Ena amagula timabuku ta chidule tofotokoza Macbeth wa William Shakespeare kapena The Pearl wa John Steinbeck, nakalowa m'chipinda cha mayeso asanatsegulepo buku lenilenilo. Nchikomekome cha mkuyu chimenechi, m'kati muli nyerere. Mutu wa chimangirizo ukasintha pang'ono, mwana woloweza amasowa poyambira. Ndipo mtima wofuna kudziwa mayankho popanda kudziwa phunziro ndiwo umabala likasa. Amalaŵi sanaiwale mmene mayeso a MSCE a 2020 anathetsedwera ali m'kati chifukwa mapepala anabedwa, ana osalakwa nakakamizidwa kulembanso mu Januwale 2021. Zotsatira zitatuluka, okhoza sanakwane theka la onse amene analemba.

Komatu munthu akayang'ana bwino zimene mayeso a Chingerezi amafunsa, adzaona kuti palibe chimene chingalowezedwe mwezi umodzi. Wophunzira amafunsidwa kulemba chimangirizo, kuwerenga nkhani imene sanayionepo ndi kuyankha mafunso, kufupikitsa nkhani, kulemba mfundo zake mwa dongosolo, kusankha mawu oyenera m'chiganizo, ndiponso kufotokoza za mabuku amene wawerenga. Zonsezi nza chizolowezi. Mayeso ali ngati sikelo ya pa msika wa mbewu, imene ntchito yake nkunena kulemera kwa thumba basi. Mlimi amene sanapalire munda wake m'mwezi wa Disembala sangapindule kanthu pokhala tsiku lonse pafupi ndi sikelo m'mwezi wa Juni.

Ntchito yoyamba tsono ndiyo kulemba, ndipo mwana wa sekondale sayenera kutha sabata asanalembe kanthu ka m'mutu mwake. Pano aphunzitsi ali ndi dandaulo loona. Ngati mphunzitsi ali ndi makalasi atatu a ana 80 kalasi iliyonse, ndiye kuti ali ndi makope 240, ndipo akatha mphindi 5 pa kope lililonse afunika maola 20 ongochonga. Palibe munthu angachite zimenezi sabata iliyonse. Koma kulephera kuchonga zonse sichifukwa cholekera kulembetsa. Ana angathe kulemba ndime imodzi mmalo mwa masamba awiri. Mphunzitsi angathe kuchonga makope a kalasi imodzi sabata ino, ina sabata yamawa, pamene otsalawo akuwerengerana awiriawiri. Angathenso kusankha cholakwa chimodzi chokha chochilondola pa ntchito iliyonse, mmalo modzaza tsamba lonse ndi inki yofiira imene imangofooketsa mwana. Chachikulu nchakuti ntchito yochongedwa ilembedwenso. Mwana amene wangoyang'ana malikisi ake natseka kope sanaphunzirepo kanthu.

Zolakwa zambiri za ana a kuno nzodziwika, ndipo gwero lake ndi kusiyana kwa ziyankhulo. Chichewa chili ndi liwu limodzi lakuti "iye" loimira mwamuna ndi mkazi yemwe, ndiye nchifukwa chake mwana amasokoneza "he" ndi "she". Chichewa chilibe timawu tofanana ndi "a" ndi "the", motero mwana amatisiya kapena kutiika posayenera. M'Chichewa "l" ndi "r" sizisintha tanthauzo la liwu, koma m'Chingerezi "pray" ndi "play" ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu. Mphunzitsi amene amaika ziyankhulo ziwirizi pamodzi pa bolodi, naonetsa ana pamene zisiyanira, amachotsa m'mphindi zochepa cholakwa chimene chikanatsata mwana mpaka Folomu 4.

Ntchito yachiwiri ndiyo kuwerenga, pakuti palibe amene angatunge m'chitsime chouma. Dziko lino lili ndi mboni zake pa nkhani imeneyi. Legson Kayira, mnyamata wa kumpoto, ananyamuka wapansi mu 1958 kukafuna maphunziro atanyamula mabuku awiri, Baibulo ndi The Pilgrim's Progress. Atafika ku Kampala anapeza m'nyumba yowerengeramo mabuku dzina la sukulu ya Skagit Valley College ya ku America, nailembera kalata, ndipo inamulandira. Buku lake lotchedwa I Will Try, lofotokoza ulendo umenewo, linatuluka mu 1965. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu analeka sukulu ya sekondale pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa chosowa fizi. Chingerezi chake chinali chochepa, koma m'kanyumba ka mabuku ka kwawo anapezamo buku lotchedwa Using Energy, nalimbana nalo poyerekeza zithunzi ndi mawu mpaka anapanga makina otulutsa magetsi ndi mphepo. Mu 2014 anatsiriza maphunziro ake ku Dartmouth College. Anthu awiriwa sanali ndi mapepala a mayeso akale. Anali ndi buku m'manja ndiponso chinthu chimene ankafunitsitsa kuchidziwa.

Nchifukwa chake sukulu imene yalandira mabuku niiwatsekera m'kabati ya mphunzitsi wamkulu poopa kuti ang'ambika ikulakwira ana. Buku long'ambika chifukwa chowerengedwa lagwira ntchito yake. Kumene mabuku ndi ochepa, nyuzipepala yakale, bokosi la mabuku loyenda kalasi ndi kalasi, ndi theka la ola lowerenga mwakachetechete tsiku lililonse zingathe kusintha zambiri. Mabuku olembedwa ndi Amalaŵi, monga Smouldering Charcoal wa Tiyambe Zeleza amene ana a Folomu 4 anawerengapo pa mayeso zaka zapitazo, ali ndi ubwino wakuti mwana amakumanamo ndi dziko limene akulidziwa kale, ndipo mphamvu zake zonse zimapita pa chiyankhulo.

Ntchito yachitatu ndiyo kuyankhula. Mayeso a Chingerezi a MSCE ngolemba okhaokha, ndipo chimene sichiyesedwa kawirikawiri sichiphunzitsidwa. Zotsatira zake zimaoneka pa tsiku lofunsidwa ntchito, pamene mnyamata wa satifiketi yabwino amangoyang'ana pansi, lilime litauma. Mitsutso, masewero ndi kuwerenga nkhani mokweza pamaso pa anzake ziyenera kukhala za mwana aliyense, osati za ochepa okha ochenjera amene amaimira sukulu pa mipikisano. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo kalasi imene ana amasekana wina akaphonya liwu imabala mbewa zotere zambiri. Chimodzimodzinso chizolowezi cha m'sukulu zina cholanga mwana wopezeka akuyankhula chiyankhulo cha kwawo, pomutchetchetsa udzu kapena kumubveka chizindikiro chochititsa manyazi, chiyenera kutha. Chilango chotere sichiphunzitsa Chingerezi. Chimaphunzitsa mwana kukhala chete ndi kunyoza chiyankhulo cha amayi ake.

Kayesedwe nakonso kayenera kutumikira ntchito zitatuzi. Mayeso a pa teremu asamangokhala chithunzi cha mayeso a MANEB chongopezera woyamba ndi wotsiriza m'kalasi. Aziuza mphunzitsi chimene mwana aliyense akulephera, ndipo kope la zimangirizo lizisungidwa kuchokera Folomu 1 mpaka Folomu 4 kuti mwana, kholo ndi mphunzitsi watsopano aziona ulendo wake. Mayeso a JCE, amene anathetsedwa kwa zaka zingapo nabwezeretsedwa mu 2021, apereka mpata wodziwira pa Folomu 2 ana amene Chingerezi chikuwabvuta, zaka ziwiri zowathandizira zikadalipo. Unduna wa za Maphunziro ndi bungwe la MANEB angachite bwinonso kulingalira za njira yoyesera kuyankhula ndi kumva, poyamba m'sukulu momwemo, mosamala kuti mwana wa kumudzi asaponderezedwe ndi mnzake wa m'tauni amene amamva Chingerezi kunyumba.

Katundu ameneyu si wa mphunzitsi wa Chingerezi yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mphunzitsi wa sayansi amene amalandira yankho la liwu limodzi pamene pafunika chiganizo chathunthu akugwetsa chimene mnzake akumanga. Kholo, ngakhale losadziwa Chingerezi, lingathe kufunsa mwana kuti aonetse kope lake, kumupatsa nthawi ndi nyali yowerengera madzulo, ndi kumuuza kuti afotokoze m'chiyankhulo cha pakhomo zimene wawerenga. Makomiti a makolo ndi aphunzitsi, pokambirana za ndalama za chitukuko cha sukulu, akumbukire kuti shelefu ya mabuku njofunika monga mpanda.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Giredi imene mwana adzapeze pa Chingerezi mu Folomu 4 imayamba kulembedwa sabata yoyamba ya Folomu 1, pa ndime yoyamba imene walemba yekha ndi buku loyamba limene wabwereka. Sukulu imene idzasamala masiku amenewo siidzasowa tulo mwezi wa mayeso ukadzafika.