Waphunzira kompyuta, koma ngongole ya amayi ake sakuidziwa

Mwana wa achemwali anga anamaliza maphunziro a coding a miyezi itatu m'tauni, nabwera kunyumba ku Lochinvar kudzandionetsa zimene anapanga. Linali tsamba la pa intaneti la lesitilanti yongopeka, zithunzi za nkhuku yootcha zikuyenda zokha, batani likusintha mtundu ukalikhudza. Ndinamuyamikira, pakuti anakhetsadi thukuta. Madzulo omwewo amayi ake anatulutsa kabuku kawo ka ngongole. Anakongola madola 100 a ku America kwa wakatapila, amene kuno amati chimbadzo, kuti awonjezere mpamba wa tomato, ndipo azibweza madola 20 mwezi uliwonse kwa miyezi 6. Ndinafunsa mnyamatayo kuti chiwongola dzanja chake ndi chingati pamwezi. Anatenga madola 20 apamwambawo, nawagawa ndi 6, nati 3.3 peresenti. Wakatapila naye ananena zomwezo, ndipo ndi bodza.

Bodza lake lili apa. Achemwali sasunga madola 100 onse kwa miyezi 6. Ukangotha mwezi woyamba ayamba kubweza, ndiye pofika mwezi wachisanu ndalama ya mwini wake imene yatsala m'manja mwawo ndi yochepa, koma akulipira ngati akadali nayo yonse. Kuti mupeze chiwongola dzanja chenicheni muyenera kufunsa kuti: ndi peresenti iti imene, mukaiwonjezera pa ngongole mwezi ndi mwezi n'kumachotsapo 20, ngongoleyo ithere ndendende pa ziro mwezi wachisanu ndi chimodzi? Funso limeneli lilibe fomula yoloweza. Niels Henrik Abel wa ku Norway anatsimikizira mu 1824 kuti masamu amene nambala yosadziwikayo yachulukitsidwa yokha kasanu kapena kupitirira alibe fomula imodzi yowathetsa onse, ngati ija ya quadratic imene aphunzitsi anatilowezetsa ndi chikwapu. Chotsala n'kuyesa, koma kuyesa kwadongosolo.

Yesani 5 peresenti: pamapeto mupeza kuti achemwali alipira mopitirira ndi madola awiri. Yesani 6: atsala ndi ngongole ya madola awiri ndi masenti 35. Ndiye kuti yankho lili pakati. Tengani 5.5, patsala masenti 12. Dulaninso pakati pa 5 ndi 5.5, kenako pakati pa zimene zatsalazo. Nthawi iliyonse mpata umene yankho labisalamo ukuchepa ndi theka, ndipo mukadula ka 20 wachepa kuposa kamiliyoni. Yankho ndi 5.47 peresenti pamwezi. Ikamaberekana chaka chathunthu imayandikira 90 peresenti, osati 40 imene wakatapila angakuuzeni akumwetulira.

Kuyunivesite zimenezi amazitcha numerical methods, ndipo dzinalo lokha limathawitsa anthu. Koma mayi aliyense wonenerera mtengo pa Mbare Musika amaidziwa njirayi: wogulitsa ali pamwamba, wogula ali pansi, akumayandikirana. Kompyuta imangochita zomwezo mosatopa. M'chinenero cha Python ntchito yonseyi siikwana mizere 15.

Mkangano wanga uli ndi anthu amene akuphunzitsa ana athu kulemba mapulogalamu ngati kupenta khoma. Amawalonjeza kuti akadziwa kukongoletsa tsamba adzapeza ntchito ku London ali pabedi ku Rugare. Ena amaipezadi, sindikana. Koma mwana amene waphunzira kuyika batani pamalo ake, osaphunzira kufunsa kompyuta funso la nambala, watuluka ndi luso limene makina a masiku ano akulichita okha m'kanthawi kochepa. Choipa kwambiri n'chakuti amamuuza kuti asade nkhawa, masamu safunika, ngati akumuchitira chifundo.

M'dziko lino, kuuza mwana kuti masamu safunika ndi chipongwe. Lochinvar ndi Rugare ndi malo a anthu a njanji, ndipo ambiri mwa ife agogo athu anachokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Chipata kudzagwira ntchito kuno. Anthu amenewa anadyedwa ndi manambala masana dzuwa likuswa mtengo. Banki yaikulu ya Zimbabwe inachotsa maziro atatu pa ndalama mu Ogasiti 2006, maziro 10 mu Ogasiti 2008, ndi ena 12 mu Febuluwale 2009. Onse pamodzi 25. Makompyuta a mabanki ankalephera kunyamula manambalawo. Mu Julaye 2008 boma lenilenilo linati mitengo ikukwera ndi 231 miliyoni peresenti pachaka. Titayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America, okalamba amene anasonkha penshoni zaka makumi atatu anapatsidwa ndalama yosakwana kugula thumba la ufa. Madandaulo anachuluka mpaka mu 2015 boma linakhazikitsa bungwe lofufuza nkhaniyi, lotsogozedwa ndi woweruza wopuma George Smith. Ndi angati mwa okalambawo anali ndi mdzukulu wotha kukhala pansi n'kuwerengera, mwezi ndi mwezi, zimene anasonkha ndi zimene zikanatsala? Mu Epulo 2024 kunabweranso ndalama ina, ZiG, ndipo kuwerengera kunayambiranso.

Ndikudziwa zimene mundiyankhe. Magetsi amathima, malaputopu kulibe. N'zoona, koma Python imayenda pafoni, ndipo njira yodula pakati ija iyenera kuyambira papepala, mwana aone yekha nambala ikuyandikira asanaipereke kwa makina. Ena mudzati pali kale mapulogalamu owerengera ngongole, bwanji kuvutika? Chifukwa kompyuta nayo imaphonya, ndipo wodziwa pamene imaphonyera ndi yekhayo amene analembapo yake. Lembani 0.1 + 0.2 mu Python muone: ikupatsani 0.30000000000000004, popeza imasunga manambala ndi 0 ndi 1 basi, ndipo gawo limodzi mwa khumi silikwanamo bwino. Kakang'ono, eti? Pa 25 Febuluwale 1991, ku Dhahran, kakang'ono kotereka kanaunjikana kwa maola pafupifupi 100 m'wotchi ya chida cha Patriot, chidacho chinaphonya mzinga, asilikali 28 a ku America nafa.

Yankho lachitatu ndi limene limandipweteka monga womasulira: akuti zinthuzi sizinganenedwe m'Chichewa. Ndangozinena kumene. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, koma ife eni ake timachisungira maliro ndi Gule Wamkulu. Mawu monga while ndi if akhale m'Chingelezi, ndi ochepa, mwana amawaloweza tsiku limodzi. Ganizo lili kumbuyo kwake ndi lathu lomwe: bwereza mpaka mpata uchepe, ngati yapitirira tsika, ngati yaperewera kwera.

Mnyamata uja anakhala nayo masiku awiri, akukwiya chifukwa pulogalamu yake inkangozungulira osaima. Anaiwala kuiuza poimira. Itatulutsa 5.47 anakaonetsa amayi ake. Ngongoleyo anaibwezabe yonse, wakatapila sakambirana ndi foni. Koma pali wina ku Kambuzuma amene akuti amakongoza madola 100 n'kumalandira 12 pamwezi kwa miyezi 10, ndipo achemwali auza mwana wawo kuti asapite kumpira Loweruka asanawawerengere.