Kodi Mugule Thirakitala Yakale?

Achikumbi anzanga, miyezi ino ndiyo miyezi ya ndalama. Mabelo apita ku Kanengo, ku Chinkhoma, ku Limbe ndi ku Mzuzu, mtedza ndi soya zalowa m'matumba, ndipo ena mwa inu mwatsala ndi kangachepe mutabweza ngongole ya feteleza. Nthawi ngati ino ndi pamene pamabwera munthu pakhomo ndi kukunong'onezani kuti akudziwa kumene kuli thirakitala yaing'ono yogulitsa, yogwirapo kale ntchito koma yolimbabe. Ine sindikuletsani kugula, popeza thirakitala yakale yosankhidwa bwino imatumikira banja zaka zambiri. Koma ndaona zambiri zitaima pansi pa mtengo wa mango, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pampando, ndipo mwini wake akamadutsa pafupi amayang'ana kumbali. Ndalama za fodya wa zaka ziwiri kapena zitatu zimakhala zagona pamenepo.

Tiyambe tawerenga ntchito. Ambiri akamaganiza za thirakitala amaganiza za kugalauza munda, koma kugalauza ndi ntchito ya masiku ochepa kwambiri. Pulao wa madisiki awiri amatembenuza nthaka yotambalala pafupifupi masentimita 60. Thirakitala ikamayenda makilomita 5 pa ola, ndiye kuti pa ola limodzi yalima masikweya mita 3,000, ndipo mukaonjezerapo nthawi yokhota m'mapeto a munda ndi yochotsa mapesi okola pulao, hekitala imodzi imatenga maola anai kapena asanu. Tsono mlimi wa mahekitala 5 amaliza munda wake wonse pa masiku atatu kapena anai. Nanga masiku ena onse a chaka idzachita chiyani? Ngati mulibe yankho, musagule. Lipirani mnzanu amene ali nayo kale akugalauzireni, kapena gulani ng'ombe ziwiri zapagoli, zimene zimadya udzu, zimakupatsani manyowa, ndipo zikakalamba mumazigulitsa kwa opha nyama.

Chimene chimabweza ndalama za thirakitala yaing'ono ndi ngolo imene imakoka. Pali nkhuni zochizira fodya, milimo ndi udzu womangira zigafa, manyowa ochokera kukhola, migolo ya madzi a ku nazale, chimanga chochokera kumunda, njerwa ndi mchenga, komanso mabelo opita pamseu waukulu. Ntchito zimenezi ziripo mwezi uliwonse, ndipo anansi anu adzakulipirani kuti muwatutire zao. Mukakhala ndi chotchetchera udzu mungathe kulambula malire a nkhalango yanu ya bulugamu moto wolusa usanayambe. Mukakhala ndi chitsulo chosalazira mungathe kukonza mseu wa kumunda umene mvula yakumba. Shafiti ya kumbuyo, imene amakaniko amaitcha PTO, ingathe kuyendetsa makina otong'ola chimanga kapena pampu ya madzi. Lembani ntchito zonsezi papepala, mwezi ndi mwezi, musanapite kukaona thirakitala iriyonse, ndipo mufunse mitengo ya zipangizo zimenezi, chifukwa thirakitala yopanda ngolo ndi pulao iribe chimene ingakuchitireni.

Pa nkhani ya mtundu, maganizo anga ndi akuti mugule imene zitsulo zake zosinthira zimapezeka pafupi, ngakhale itakhala yokalamba ndi yosaoneka bwino. N'chifukwa chake ambiri amakonda Massey Ferguson 135. Inayamba kupangidwa mu 1964, zambiri mwa izo ku Coventry ku Mangalande, ndipo ili ndi injini ya dizilo ya Perkins ya masilinda atatu, yamphamvu pafupifupi mahosipawa 45. Analeka kuipanga m'zaka za m'ma 1970, kotero iriyonse imene mungaipeze lero yaposa zaka 40, ndipo fakitale ya ku Coventry ija inatsekedwa mu 2002. Komabe injini za banja lomwelo zikupangidwabe. Kampani ya Millat Tractors ya ku Lahore ku Pakistan imapanga Massey Ferguson 240, imene injini yake ndi ya masilinda atatu yofanana kwambiri ndi ya 135. Mapisitoni, maringi, magasiketi ndi zosefera mafuta sizivuta kupeza, ndipo mulibe kompyuta m'kati mwake. Makaniko wodziwa ntchito amaimasula ndi masipanala wamba pansi pa mtengo. Mikono itatu ya kumbuyo yonyamulira pulao ndi nzeru ya Harry Ferguson, amene thirakitala yake yaing'ono yotuwa, TE20, inayamba kutuluka mu 1946. Pulao akamakoka molemera, mikono imeneyi imaika kulemerako pa matayala a kumbuyo, ndipo ichi ndicho chimachititsa kuti kathirakitala kopepuka kagwire nthaka osaterereka.

Palinso timathirakitala tating'ono tochokera ku Japan, monga Kubota, Yanmar ndi Iseki, timene timabwera titagwira kale ntchito kwao. Ndi makina abwino, osadya dizilo wambiri, ndipo maonekedwe ake amakopa. Koma dziwani kuti tambiri anatipangira minda yaing'ono ya mpunga, yamatope, ndipo timabwera ndi matayala a mano atali ndi chipangizo chozungulira chophwanyira nthaka yofewa. Kwa mlimi wa m'dimba, kapena wa pa sikimu ya mpunga monga Limphasa ku Nkhata Bay ndi Wovwe ku Karonga, tingathandize ndithu. Koma nthaka yakatondo ya ku Kasungu kapena ku Mchinji m'mwezi wa Okotobala siisewera ndi kathirakitala ka mahosipawa 18. Chovuta china n'chakuti mitundu ina anaipangira msika wa ku Japan kokha, kotero malemba ake onse ndi a Chijapanizi ndipo kachitsulo kakang'ono kakathyoka mungadikire miyezi. Musanagule, tengani nambala ya mtundu wake mupite nayo ku masitolo a zitsulo a ku Lilongwe kapena ku Blantyre, mufunse zinthu zitatu: chosefera dizilo, gasiketi ya pamutu pa injini ndi kilatchi. Akakupukusirani mutu, mwapulumutsa ndalama zanu.

Tsiku lokaona thirakitala musapite nokha. Tengani makaniko amene inu mwamusankha ndi kumulipira, osati mnzake wa wogulitsa. Musatengeke ndi utoto watsopano, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo utoto umabisa ming'alu ndi malo ootcherera. Fikani m'mamawa ndipo musanalankhule zambiri gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, ndiye kuti wina wailiza kale kuti musaone mmene imavutira kudzuka. Nenani kuti mudzabweranso mawa, ndipo mudzaipeze yozizira.

Injini isanalizidwe, zulani kachitsulo koyezera oyilo. Oyilo wakuda si chinthu chodabwitsa mu injini ya dizilo, koma wotuwa ngati tiyi wamkaka akusonyeza kuti madzi akulowa m'kati. Tsegulaninso rediyeta muone ngati pamwamba pa madzi pakuyandama mafuta. Tsono ailize inu mutaima pomwe mungaone utsi. Utsi pang'ono poyamba si mlandu. Koma utsi wabuluu wosatha ndiye kuti injini ikuotcha oyilo, maringi atha. Utsi woyera wosatha injini itatentha ndi dizilo wosapsa bwino kapena madzi. Utsi wakuda nthawi zambiri ndi chosefera mpweya chotsekeka kapena mainjekitala otopa, ndipo vuto limeneli kawirikawiri silidya ndalama zambiri ngati enawo. Yang'ananinso kapaipi kopumira kamene kali pambali pa injini. Kakamatulutsa utsi wambiri ndi madontho a oyilo, konzekerani kumasula injini yonse chaka chisanathe. Kawotchi kowerenga maola musakakhulupirire kwambiri, popeza pa mathirakitala akale chingwe chake chimaduka ndipo kamangoima zaka zambiri. Zopondera kilatchi ndi mabuleki ndizo zimanena zoona. Zikakhala zosalala ngati mphero, thirakitala imeneyo yagwira ntchito yambiri.

Kenaka amangirire pulao kumbuyo, anyamule m'mwamba, ndipo azimitse injini. Khalani pansi muchezeko pang'ono mukuyang'ana pulaoyo. Akatsika msanga kufika pansi, hayidiroliki ikudontha m'kati. Akamanjenjemera pokwera, pampu yatopa. Lowetsani magiya onse, a kutsogolo ndi a kumbuyo, ndipo mutsike nayo kamtunda muone ngati giya ikudzitulukira yokha. Pa 135 kilatchi imakhala ya magawo awiri: mukaponda theka imaimitsa matayala, mukaponda mpaka pansi imaimitsanso PTO. Onetsetsani kuti zonse ziwiri zikuchitika. Yesani buleki ya kumanja payokha ndi ya kumanzere payokha, gwedezani chiongolero ndi matayala a kutsogolo, ndipo muone matayala a kumbuyo m'mbali mwake ngati ali ndi ming'alu, chifukwa awiri amenewa okha angathe kudya ndalama zimene mumati mwapulumutsa pa mtengo. Pomaliza pemphani kuti ilime mizere ingapo m'nthaka youma. Wogulitsa woona mtima sakana zimenezi.

Mapepala nao musawaiwale. Nambala imene iri pa kachitsulo ka pa thirakitala ifanane ndi imene iri pa mapepala a umwini, ndipo dzina likhale la munthu amene akulandira ndalama zanu. Funsitsani ngati siinaikidwe chikole pa ngongole ya ku banki, komanso ngati si ya chuma chamasiye chimene abale sanagwirizane zogulitsa. Pangano lilembedwe pamaso pa mboni.

Tsono za ndalama. Musathere zonse pogula. Ngati mutalipira thirakitala simutsala ndi ndalama zogulira batire, oyilo, zosefera, tayala limodzi ndi dizilo wa nyengo yolima, ndiye kuti nthawi yanu yogula siinakwane. Zitsulo zonse zimachokera kunja, ndipo mukukumbukira kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya m'masitolo n'kukwera nthawi yomweyo. Mukukumbukiranso mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta m'zaka zimenezo. Thirakitala yopanda dizilo sabata imene mvula yoyamba yagwa imaluza kwa khasu. Gulani dizilo nthawi ikadalipo, mumusunge mu mgolo woyera wotsekedwa bwino, ndipo mupewe wa m'zigubu za m'mbali mwa mseu. Madzi kapena fumbi zikalowa mu pampu ya dizilo, palibe makaniko wa pamudzi amene angaikonze. Imapita ku tauni, ndipo mtengo wake ndi woliza.

Mau apadera kwa inu amene mumalima pa malo a esiteti. Lamulo la ntchito limene linasinthidwa mu 2021 linathetsa utenanti, komabe ambiri mukulimabe pa malo a eni ake, ena mwa lendi, ena mwa pangano la chaka chimodzi. Munthu amene sakudziwa kumene adzalime chaka chamawa asayambe ndi thirakitala. Ayambe wapeza malo akeake kapena lendi yolembedwa ya zaka zingapo. Ena amati tigule monga kalabu, poti mutu umodzi susenza denga. Nzoona, koma mvula imagwera mamembala onse tsiku limodzi ndipo aliyense amafuna kuti munda wake ukhale woyamba. Ngati mwasankha njira imeneyi, lembani malamulo musanasonkhe ndalama: woyendetsa akhale mmodzi yekha wophunzitsidwa bwino, ndondomeko ya minda idziwike mvula isanayambe, ndipo membala aliyense, ngakhale wapampando, alipire pa ola lirilonse limene yamugwirira ntchito, ndalamazo zizisungidwa padera kuti zidzakonzere makina.

Chinthu chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ngozi. Thirakitala yaing'ono ndi yopapatiza ndipo imagubuduzika mosavuta pamalo otsetsereka, pa chulu kapena m'mphepete mwa ngalande. Dziko la Sweden linalamula mu 1959 kuti mathirakitala atsopano azikhala ndi chitsulo choteteza woyendetsa akagubuduzika, ndipo ku Britain lamulo lotere linayamba mu 1970. Zambiri zimene zimagulitsidwa kuno zilibe chitsulo chimenechi. Ikapezeka yokhala nacho, isankheni ngakhale itakwererapo mtengo, ndipo muzimanga lamba. Musauze wootcherera wa pamsika kuti akupangireni cha mapaipi a madzi, chifukwa chidzapindika ndi kukupanikizani. Pozula chitsa kapena pokoka galimoto yotitimira, unyolo umangiriridwe pa chokokera cha pansi chokha. Mukaumangirira pamwamba pa ekisele, matayala a kutsogolo amanyamuka ndipo thirakitala imagwa chagada mofulumira kuposa mmene phazi lingafikire pa kilatchi. Shafiti ya PTO ikhale yovindikira, popeza imazungulira maulendo 540 pa mphindi ndipo ikakola chitenje kapena mkono wa malaya simasiya. Mpando ndi umodzi wokha, tsono ana asakwere pa madigadi ngakhale atalira bwanji.

Ngati mwawerenga ntchito zanu ndipo zakwanira, kambiranani ndi alangizi a zaulimi a m'dera lanu ndiponso ndi alimi awiri kapena atatu amene akhala ndi mtundu umene mukufunawo kwa zaka zingapo. Muwafunse chimene chinaonongeka chaka chatha, kumene anakagula chitsulo chake, ndi masiku amene thirakitala inakhala chiimire. Yesetsani kugula mwezi wa Julaye kapena Ogasiti, kuti makaniko akhale ndi nthawi yosintha oyilo ndi zosefera zonse ndi kukonza zimene mwapeza, nthawi yogalauza isanafike.