Khungu loyabwa silifuna chinkhupule

Mwezi wa June ukalowa, mwera n'kuyamba kuwomba, ana ambiri amatuwa miyendo kuti mbuu. Kwa ambiri ndi nkhani ya vaselini pang'ono, basi yatha. Koma alipo ana ena amene nyengo imeneyi imawalanda tulo. Amakanda kuseri kwa mawondo, m'kati mwa zigongono ndi m'khosi, mpaka kukacha pa nsalu yofunda pamapezeka timadontho ta magazi. Wakhanda sanadziwe kukanda ndi zala, ndiye amangokhuta masaya pamsana pa amake. Chimenecho ndi chikanga, chomwe kuchipatala amachilemba kuti eczema.

Makolo ambiri a ana otere amanena kuti akufuna kuthana nacho mwachilengedwe, osati kumangodalira mankhwala a m'chubu. Ndili nawo mbali imodzi, chifukwa ntchito yaikulu yosamala khungu lotere imachitikira kubafa ndi kuchipinda, osati kwa dokotala. Pomwe timasiyana ndi pa zinthu zimene iwo amazitcha zachilengedwe.

Khungu la munthu aliyense lili ndi mbali yopyapyala yakunja imene imasunga madzi m'kati ndi kutsekera kunja fumbi, sopo ndi tizilombo. Mwa munthu wa chikanga mbali imeneyi siitseka bwino. Madzi amathawa, khungu limauma n'kuchita timing'alu tosaoneka ndi maso, zakunja zimalowa, ndipo chitetezo cha m'thupi chimazilandira ndi ukali wopyola muyezo. Apo ndiye pamayambira kuyabwa. Mwana akakanda ming'alu imakula, zakunja zimalowa zambiri, kuyabwa n'kuwonjezeka. M'chaka cha 2006 akatswiri a ku University of Dundee, ku Scotland, anapeza kuti anthu ambiri a chikanga kumeneko amabadwa ndi vuto pa kapangidwe ka filaggrin, puloteni yothandiza khungu kutseka. Vuto lenileni limenelo silipezekapezeka mwa anthu a ku Africa, komabe matendawa amayenda m'mtundu kuno komwe. Mukafunsa bwino mupeza agogo a mphumu kapena amalume oyetsemula chaka chonse. Chikanga sichipatsirana. Mwana wa chikanga agone mphasa imodzi ndi anzake, palibe chimene angawapatse.

Mabuku ambiri amati chikanga chimafiira, chifukwa analembedwa poyang'ana khungu la azungu. Pa khungu lathu chimaoneka chakuda kuposa malo ozungulira, kapena chotuwa, nthawi zina ngati titsabola tating'onoting'ono tothinana. Pomwe pakandidwa kwa miyezi pamakhuthala, mizere ya khungu n'kumaonekera patali. Pakapola pamatsala banga loyera kapena lakuda limene limatenga miyezi kuti lifanane ndi ponse. Mabanga amenewa ndiwo amathamangitsira amayi ku msika kukagula mafuta oyeretsa khungu, nkhani imene ndiibwerera.

Koma musanayambe chilichonse, tsimikizani kuti n'chikangadi. Ngati nyumba yonse ikukanda usiku, ndipo tizilonda tili pakati pa zala, m'mikono ndi m'chiuno, ganizirani za mphere. Mphere ndi kachilombo kokumba khungu, ndipo sizimva vaselini. Zimafuna mankhwala ngati benzyl benzoate, odzola banja lonse nthawi imodzi, zovala ndi zofunda n'kuchapidwa. Ngati ndi banga lozungulira lokhala ndi mkombero, kapena pamutu pakusosoka tsitsi, mwina ndi chipere. Munthu wamkulu amene sanadwalepo khungu ali mwana, koma wayamba totupa toyabwa tosamva mankhwala, akayezetsenso magazi, pakuti HIV imakonda kudzionetsera pakhungu.

Tsopano tilowe kubafa, komwe ndikuona kuti timalakwitsa kwambiri. Ife tinaleredwa kuti kusamba ndi kukwecha. Madzi otentha ofuka nthunzi, sopo wamtanda yemweyo wochapira, chinkhupule kapena kachidutswa ka saka, mpaka khungu lilire kuti tswii pansi pa chala. Mwana akatuluka ziwengo, mayi amaganiza kuti litsiro lachuluka, ndiye amawonjezera mphamvu, n'kukagulanso sopo wa mankhwala wonunkhira chipatala. Zonsezi zimachotsa timafuta tochepa tomwe khungu la mwanayo linatsala nato. Kulira kwa tswii kuja ndi khungu losukuluka.

Mwana wa chikanga asambe madzi ofunda pang'ono, oti chigongono chanu sichikumva kutentha, kwa mphindi zisanu kapena khumi. Chinkhupule chipachikidwe. Dzanja ndi lokwanira. Sopo akhale wosanunkhira, wochepa, ndipo afike m'khwapa, kumaliseche ndi kumapazi mokha. Potuluka musamupukute mokhula, ingomusindikizani ndi nsalu yofewa, ndipo khungu likadali lachinyezi mudzozeni nthawi yomweyo, musanapite kukaona ndiwo pamoto. Podzoza tsatirani komwe ubweya wagonera, osati kutikita mozungulira.

Mafuta ake si odula. Vaselini wamba, woyera, wopanda fungo, amene Robert Chesebrough anamulembetsa ku America mu 1872, akadali m'gulu la zinthu zodalirika kwambiri pa khungu lotere. Ena amamunyoza kuti ndi wochokera ku mafuta a pansi, choncho si wachilengedwe. Ine ndimati khungu silifunsa komwe chinthu chachokera. Vaselini alibe fungo, alibe zosungitsa, ndipo n'kovuta kupeza munthu amene amamuwenga. Gilisalini amene timamukonda m'chisanu amakoka madzi, koma yekha amamata ndipo pa mng'alu amaluma. Ndi bwino kumusungunula ndi madzi pachikhatho, kenako vaselini pamwamba.

Chomwe chimadabwitsa anthu ndi kuchuluka kwake. Malangizo a zachipatala ku Britain amati mwana wa chikanga chofalikira angafune magalamu 250 mpaka 500 a mafuta pa sabata. Pa sabata, osati pa mwezi. Kabotolo kakang'ono kamene banja lonse limadzola mwezi wathunthu n'kosakwana mwana mmodziyo. Ndikudziwa mmene kwacha yavutira, ndipo si aliyense angafikepo. Koma ngati pali ndalama ya sopo wa mankhwala, ya paudala ndi ya mafuta onunkhira a ana, iphatikizeni mugule chibotolo chachikulu chimodzi. Dzozani kawiri kapena katatu pa tsiku, ngakhale masiku amene khungu likuoneka bwino. Zili ngati kuzira nyumba: mayi sazira kamodzi n'kunena kuti ndathana nazo, amabwereza pansi pasanafukuke. Potapa gwiritsani supuni yoyera, chifukwa chala chimene changogwira chilonda chimasiya tizilombo m'botolo. M'chilimwe, kukatentha ngati mu October, pakani mopyapyala, poti mafuta okhuthala pa thukuta amabweretsa totupa tina.

Chenjezo limodzi ndi la ife owotha moto. Vaselini akalowerera m'zovala ndi m'zofunda, nsaluyo imayaka msanga ikakhudza lawi, ndipo kuchapa sikuchotsa mafuta onse. Mwana wodzozedwa thupi lonse asayandikire mbaula, kandulo kapena koloboyi.

Nanga mafuta a zomera? Ena amathandiza, ena ayi, ndipo mtengo wake sunena kanthu. Mu 2013 ofufuza a ku University of Sheffield anapaka akuluakulu ochepa mafuta a olivi ndi a mpendadzuwa pamikono kwa masabata anayi. A olivi, odula aja, anafooketsa khungu. A mpendadzuwa, mbewu imene alimi athu amalima, sanaliwononge ndipo analifewetsa. Ku Philippines, kafukufuku wa 2014 anapeza kuti mafuta a kokonati osayengedwa anathandiza ana a chikanga chosakula kwambiri. Komatu mafuta ophikira oyezera m'timapepala pa msika musawayese a mpendadzuwa, simudziwa zomwe zasakanizidwamo. Aqueous cream, yemwe ambiri amamuyesa wofatsa, nthawi zambiri amakhala ndi sodium lauryl sulfate, mankhwala ochititsa thovu, ndipo mu 2013 boma la Britain linachenjeza kuti akasiyidwa pakhungu amatha kuwenga, makamaka ana a chikanga. Ngati muli naye, sambirani m'malo mwa sopo n'kutsukuluza.

Pa za kupewa, tinene zoona. Ku England anayesa kudzoza tsiku ndi tsiku makanda a m'mabanja a ziwengo kuyambira atangobadwa, pa kafukufuku wotchedwa BEEP wa ana 1,394, ndipo zotsatira za mu 2020 zinaonetsa kuti chikanga chinabwerabe mofanana ndi kwa osadzozedwa. Wobadwa nacho m'magazi simungamutsekere khomo. Chomwe mungapewe ndi kubuka kwake pafupipafupi. Zovala za thonje zigunde khungu, juzi yokanda ibwere pamwamba. Za pa kaunjika zichapidwe zisanavalidwe, ndipo sopo waufa atsukuluzidwe mpaka madzi ayere. Zikhadabo ziwengedwe. Ndipo amayi, chonde, khanda la chipewa, masokosi, bulangete ndi zitenje ziwiri dzuwa lili pamutu likuphikidwa. Thukuta limayabwitsa kwambiri.

Nkhani imene imandipweteka mtima ndi ya chakudya. Mwana akangotuluka ziwengo, bwalo la achibale limakhala pansi n'kuyamba kuletsa: mazira ayi, mlamba ayi, nkhumba ayi, mkaka ayi, nsinjiro ayi, usipa kaya. Pomaliza mwana amatsala ndi phala loyera la mchere. Izi zikuchitika m'dziko limene kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Ana ambiri a chikanga vuto lawo silichokera m'mbale, ndipo kuwamana ndiwo sikuchiza khungu. Kumangowonjezera matenda achiwiri pa oyamba.

Alipo ndithu amene chakudya china chimawawenga, ndipo zimenezo sizibisika. Pasanathe maola awiri atadya, milomo kapena zikope zimatupa, thupi limachita zidzolo, mwana amasanza kapena kubanika. Ameneyo musamupatsenso chakudyacho ndipo akaonedwe kuchipatala, kubanikako ndiye n'kothamanga nako. Koma kuletsa pongoganizira kungathe kubala chomwe mukuopacho. Kafukufuku wa LEAP ku London, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2015, anatsatira makanda 640 a chikanga chachikulu kapena owengedwa ndi mazira. Amene anayamba msanga kudya zamtedza anapezeka ndi ziwengo za mtedza mochepa kwambiri, pafupifupi ndi 80 peresenti, poyerekeza ndi amene anamanidwa. Phala lathu la nsinjiro, loyamba mwana akakwana miyezi isanu ndi umodzi, linali m'njira yoyenera kale. Wa chikanga chachikulu ayambe mutafunsa achipatala, ndipo mtedza wathunthu ayi, umatsamwitsa. Chodabwitsa n'chakuti pakhungu nkhani imatembenuka. Kafukufuku wina wa ku England wa 2003 anaona kuti makanda odzozedwa mafuta okhala ndi mtedza ankawengedwa ndi mtedza kwambiri. Mtedza ulowere kukamwa, osati m'ming'alu.

Kenako pali chikhulupiriro chathu chakuti mankhwala owawa ndiwo ochiza. Mandimu, adyo wosinja, phulusa, mchere, madzi a nimu owiritsa mpaka kuda, zonsezi ndamvapo akulangizana pa minibasi kuti zipakidwe pa mwana. Adyo amawotcha khungu mpaka matuza. Mandimu pa khungu lotuluka padzuwa amasiya mabanga akuda. Mwana akalira kuti zikuluma, tisamati mankhwala akugwira, akutiuza kuti alowa pabala.

Choopsa kuposa izi ndi kabotolo kopanda dzina kamene wogulitsa amalumbira kuti ndi zitsamba zokhazokha, ndipo kamachotsadi chikanga m'masiku awiri. Mu 1999 madokotala a ku King's College Hospital ku London anayeza mafuta 11 a zitsamba za ku China amene odwala awo ankadzola. Mwa amenewo, 8 anali ndi dexamethasone, mankhwala a steroid, osalembedwa paliponse. Mafuta ambiri oyeretsa khungu a m'misika yathu alinso ndi ma steroid amphamvu ngati clobetasol ndi betamethasone. Pankhope ya mwana kwa miyezi, amapyapyalitsa khungu, amalowa m'magazi, ndipo ngati vutolo linali chipere kapena mphere amalibisa uku likufalikira. Kholo lothawa chubu cha kuchipatala limapezeka likupaka mankhwala amphamvu kuposa omwe linawathawa, popanda muyezo.

Chifukwa chake ine sindiona mkangano pakati pa chisamaliro cha pakhomo ndi hydrocortisone, amene madokotala akhala akupaka pa khungu kuyambira 1952. Chikanga chikabuka, mwana osagona, vaselini yekha sachizimitsa. Hydrocortisone wa 1 peresenti ndi wofatsa, ndipo amapakidwa pomwe pabuka pokha, kamodzi kapena kawiri pa tsiku, kwa masiku amene achipatala anena. Muyezo wake uli pa chala: mzere wofinyidwa kuchokera kunsonga ya chala cha mkombaphala cha munthu wamkulu mpaka pa mfundo yoyamba umakwana malo aakulu ngati zikhatho ziwiri. Pakazizira mumasiya, n'kupitiriza ndi mafuta. Amene amadzoza mokhulupirika amapeza kuti chubucho chimakhalitsa m'kabati. Ana ambiri chikanga chimawachepera akamakula, ngakhale khungu louma limatsalira.

Zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi mbali yoona za khungu, ndipo chikanga chosamva zonsezi chikafike kumeneko kudzera ku chipatala chapafupi. Pali zizindikiro zosadikira tsiku la sikelo. Zilonda zikayamba kuchucha madzi, kuchita nkhanambo zachikasu kapena mafinya, mwana n'kutentha thupi, ndiye kuti mabakiteriya alowa ndipo pakufunika maantibayotiki. Mukaona timatuza tambiri tofanana kukula, tophulika n'kusiya timaenje, topweteka m'malo moyabwa, makamaka kunkhope ndi pafupi ndi maso, kameneko kangakhale kachilombo ka herpes kofalikira pa chikanga, komwe kamatha kuwononga maso. Mwana ameneyo apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo munthu wa zilonda za pamlomo asamapsompsone khanda la chikanga.