Ndemanga: Malamulo Olowera Mipikisano ya Mapulogalamu a Kompyuta

Mpikisano wolemba mapulogalamu a kompyuta, umene ana asukulu amangoutcha coding, umayamba tsiku lopikisana lisanafike. Umayambira papepala la malamulo, limene limatchula woyenera kulowa, zaka zake, kalasi yake ndi anzake amene angagwire nawo ntchito. Mwana waluso amatha kubwezedwa chifukwa cha mzere umodzi umene mphunzitsi wake sanauwerenge.

Kuno ku Zambia njira yodziwika kwambiri ndi JETS, makalabu a sayansi a m'masukulu amene anayamba mu 1968, ndipo lero amayang'aniridwa ndi National Science Centre ya Unduna wa Maphunziro. Masiku ano muli gawo la mapulogalamu a kompyuta ndi maloboti. Palibe kulumpha. Mwana wa ku Chizongwe, St Monica's kapena sukulu ya kumudzi ku Kasenengwa amayamba wapambana pasukulu pake, kenako paboma, kenako pachigawo, ndipo opambana a kuno Kummawa ndiwo amakakumana ndi a zigawo zina 9. Ana a pulayimale sapikisana ndi a sekondale, ndipo aphunzitsi ali ndi gawo lawolawo. Kupatula aphunzitsiku n'kwanzeru, chifukwa mphunzitsi amene ali ndi luso ali ndi poonetsera m'dzina lake, osabisala kumbuyo kwa mwana.

Mipikisano yakunja imakhwimitsa kwambiri nkhani ya zaka. Technovation Girls, umene unayamba ku America mu 2010, ndi wa atsikana a zaka 8 mpaka 18, ndipo kulowa kwake n'kwaulere. Atsikanawo amagawidwa patatu: a zaka 8 mpaka 12, a 13 mpaka 15, ndi a 16 mpaka 18. Gulu limodzi silipitirira atsikana 5, ndipo amene sanakwanitse zaka 18 amafunika chilolezo cha kholo. Gawo la gulu limatengera zaka za mtsikana wamkulu mwa onse, choncho mtsikana mmodzi wa zaka 16 amakokera anzake a zaka 14 m'gawo la akuluakulu, kumene amafunanso dongosolo la bizinesi. Nkhaniyi imakhudza kwambiri masukulu a kumidzi, kumene ana ena amayamba giredi 1 mochedwa ndipo kalasi imodzi imakhala ndi ana osiyana zaka zitatu kapena zinayi. Ntchito ya atsikana a mu Technovation ndi kupanga pulogalamu ya pafoni yothetsa vuto la kwawo, pogwiritsa ntchito zida monga MIT App Inventor, n'kujambula vidiyo yoifotokoza. Vidiyoyo ikakhala ya m'Chinyanja imafunika mawu a Chingerezi olembedwa pansi.

Mpikisano waukulu wa coding wa ana a sekondale padziko lonse ndi International Olympiad in Informatics, umene unayamba ku Bulgaria mu 1989. Dziko lililonse limatumiza ana osapitirira 4, osapyola zaka 20, ndipo aliyense amakhala yekha pakompyuta kwa maola 5 popanda intaneti.

Lamulo lofunika koposa onsewa ndi lakuti ntchito ikhale ya mwana mwiniwake. Mphunzitsi kapena mlangizi akhoza kuphunzitsa, kufunsa mafunso ndi kusonyeza pamene palakwika, koma sayenera kulemba pulogalamuyo. Oweruza a JETS amaima pamaso pa mwana n'kumufunsa chimene wapanga, ndipo amene anangopatsidwa ntchito yothaitha amagwidwa pa funso lachiwiri. Tsopano kuli zida monga ChatGPT zimene zimalemba pulogalamu m'kanthawi kochepa, ndipo mipikisano imasiyana pa zimene imalola. Mwana ayenera kudziwa lamulo la mpikisano wake asanazigwiritse ntchito, ndipo ayenera kutha kufotokoza mzere uliwonse umene wapereka. Mphunzitsi wolembera mwana amapezera sukulu chikho, koma mwanayo amabwerera kwawo alibe luso.

Palinso zoyenereza zina zimene sizilembedwa papepala. Phunziro la Computer Studies litayamba kulembedwa pa mayeso a giredi 9 mu 2015, ana m'masukulu ambiri anadikirana mpaka usiku chifukwa makompyuta anali ochepa. Mu 2024 chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo malaiti ankazima maola ochuluka tsiku lililonse. Lamulo lakuti ntchito itumizidwe pa intaneti tsiku lakutilakuti lisanadutse limaoneka lofanana kwa onse, koma mwana wa mu Chipata amene kwawo kuli laputopu salimva kulemera ngati mwana wa ku Vubwi kapena Chipangali, amene amabwereka foni ya m'bale wake n'kusonkha ndalama ya bando. Umboni wa zaka nawonso umavuta, pakuti chitupa cha NRC munthu amatenga akakwanitsa zaka 16 ndipo ana ambiri a kumidzi alibe chikalata cha kubadwa.

Zina mwa zopingazi zili ndi pothawira. Scratch, pulogalamu imene ana ang'onoang'ono amaphunzirira coding polumikiza timabokosi, ndi yaulere ndipo ikaikidwa pakompyuta imagwira ntchito popanda intaneti. Gulu likhoza kumaliza ntchito kukadali masiku, n'kupita kuboma kukaitumiza kumene netiweki ili bwino.

Aphunzitsi oyang'anira makalabu a JETS awerenge malamulo a chaka chimenecho temu yoyamba ikangotsegulidwa mu Januwale, alembe masiku obadwa a ana awo, ndipo atumize makalata a chilolezo kwa makolo nthawi ikadalipo. Okonza mipikisano nawonso afalitse malamulowo pa wailesi ndi kudzera m'maofesi a maphunziro a paboma, kuti afike ku sukulu iliyonse ya m'chigawo cha Kummawa.