Posamutsa Kompyuta Yakale, Disiki Iyezedwe Ntchito Isanayambe

M'maofesi ambiri aang'ono, kaya ku Blantyre, ku Chipata kapena ku Tete, mumakhala kompyuta imodzi yokalamba imene aliyense amaopa kuikhudza. M'menemo ndi mmene muli pulogalamu ya malipiro kapena kaundula wa katundu, ndipo amene anaiika anachoka kalekale. Popeza Microsoft inasiya kuthandiza Windows 7 mu Januwale 2020, kenako Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, njira ina yodziwika yopulumutsira kompyuta yotere ndiyo kuikopera yonse m'fayilo imodzi, kuti izigwira ntchito ngati virtual machine m'kati mwa makina atsopano. Nzeruyi ndi yabwino. Koma ntchitoyo imakonda kukakamira pa kukula kwa disiki, ndipo mlandu umakankhidwira kwa pulogalamu yosamutsira, chonsecho wolakwa ndi amene anayamba asanayeze kanthu.

Mawu oti "kukula" akubisa zinthu zitatu. Pali kukula kwa disiki yonse, pali kukula kwa chigawo chimene Windows imachitcha C:, ndiye pali kuchuluka kwa mafayilo amene alimodi. Nkhokwe ndi chinthu china, chimanga chili m'katimo ndi chinanso. Ngakhale nambala yoyambayo ili ndi msampha. Disiki yolembedwa 1 TB pabokosi imaoneka ngati 931 GB mu Windows, chifukwa opanga madisiki amawerenga ndi 1,000 pamene Windows imawerenga ndi 1,024. Ndipotu kukula kwake kwenikweni kumapitirira pang'ono 931. Munthu akapanga disiki ya virtual ya 931 ndendende, amakhala wapereweza pafupifupi theka la gigabyte, ndipo Clonezilla imakana kubwezeretsa chithunzicho chifukwa malo olandira ndi aang'ono kuposa ochokera. Pamenepa pulogalamuyo sinalakwe chilichonse.

Chimene chimadzidzimutsa anthu kwambiri ndi khalidwe la Disk2vhd, kapulogalamu kaulere ka Sysinternals. Iko kamasunga kagawidwe ka disiki yonse monga kanalili, ngakhale munthu atasankha chigawo chimodzi chokha. Ngati disiki ya 1 TB inali ndi mafayilo okwana 80 GB, fayilo yotulukayo imakhala yosatalikirana ndi 80 GB, koma virtual machine ikayaka imanenabe kuti ili ndi 1 TB. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kudula. Nambala yaikuluyo payokha si matenda. Choopsa chili kwina: disiki yotere imakula pang'onopang'ono pamene ikulembedwa, ndipo mafayilo akafufutidwa m'kati mwake siifota yokha. Ikaikidwa pa makina okhala ndi SSD ya 256 GB, tsiku lina malo adzatha, ndipo Hyper-V idzaimitsa virtual machine ija ntchito ili m'kati. Mankhwala ake ndi odziwika: SDelete imalemba maziro pa malo opanda kanthu, kenako fayiloyo imafinyidwa ndi Optimize-VHD, kapena ndi VBoxManage kwa ogwiritsa ntchito VirtualBox.

Komabe nthawi zina kuchepetsadi disiki kumafunika, ndipo apa ndi pamene katundu wa anthu amaonongeka. Dongosolo lake ndi limodzi: chigawo cha m'kati chiyambe kuchepa, chotengera chake chibwere pambuyo. Lamulo la qemu-img lochepetsa disiki limangodula mchira wa fayilo, osasamala chimene chili kumchirako, ndipo pa disiki ya GPT kumapetoko ndi kumene kumasungidwa kope lachiwiri la ndandanda ya zigawo. Resize-VHD ndi yosamalirako: imachepetsa VHDX yokha, osati VHD yakale, ndipo imafuna malo osagawidwa kumapeto kwa disiki. Kachigawo ka Recovery kakakhala kumapetoko, monga zimakhalira pa makompyuta ambiri, malo onse opanda kanthu amene ali patsogolo pake sathandiza mpaka iko katasunthidwa.

Windows nayo ili ndi liuma lake. Munthu amaona kuti malo opanda kanthu ndi ochuluka, koma Disk Management n'kumulola kuchepetsa pang'ono chabe. Chifukwa chake ndi mafayilo osasunthika: pagefile.sys, hiberfil.sys ndi zosungidwa za System Restore. Palibe chifukwa cholotera, pakuti Windows imalemba dzina la fayilo yotchingayo mu Event Viewer, pa chochitika cha nambala 259. Lamulo la powercfg /h off limachotsa hiberfil.sys, ndipo zinazo zimazimitsidwa kwa kanthawi. Ku Linux nkhani ndi yaifupi: ext4 imachepa ikakhala yosamangirizidwa, XFS siichepa.

Malire ena ndi ongofunika kuwakumbukira. Fayilo ya VHD siipitirira 2,040 GB pamene VHDX imafika 64 TB, ndipo disiki ya MBR imathera pa 2 TB. Disk2vhd siigwira chigawo chotsekedwa ndi BitLocker kufikira chitatsegulidwa kotheratu. Chomvetsa chisoni koposa ndi disiki yapadera ya FAT32, imene siilandira fayilo yoposa 4 GB. Ntchito imaima itangoyamba kumene, wina n'kumatukwana pulogalamu, pamene kusintha disikiyo kukhala NTFS kapena exFAT kukanathetsa nkhani.

Alipo akatswiri amene amati kuyeretsa ndi kuchepetsa kuzichitikira pa kompyuta yakaleyo isanakoperedwe, kuti fayilo ituluke yaing'ono. Mfundoyi ili ndi choonadi chake, makamaka kumene magetsi amazimazima ndipo kukopera kwa maola ambiri kungathe kuduka pakati. Kufufuta zinyalala zodziwika kulibe vuto. Koma kusuntha zigawo pa disiki imene yazungulira zaka khumi, popanda kope lina lililonse, ndi kutchova juga ndi malipiro a anthu. VMware Converter imaloladi kuchepetsa chigawo pa nthawi yosamutsa popanda kukhudza disiki yoyambayo, ngakhale kuti ikatero imakopera fayilo imodziimodzi ndipo imachedwa. Njira yodalirika ndiyo kuyeza kaye zinthu zitatu zija, kutenga chithunzi chathunthu, kuchisunga padera chosakhudzidwa, ndi kuchitira opaleshoni yonse pa kope lake. Kopelo likaonongeka, chatayika ndi nthawi yokha.

Zimenezi zikutanthauza kugula kapena kubwereka disiki yapadera yokwanira, ndipo apa abwana ambiri amayamba kudandaula za mtengo. Katswiri ali ndi ufulu wokana kuyamba ntchito disikiyo isanafike. Kompyuta yakaleyo nayonso isafufutidwe kapena kupatsidwa kwa wina mpaka malipiro a kumapeto kwa mwezi atatuluka bwino kuchokera mu virtual machine, ndipo wowerengera ndalama atafananiza manambala ake ndi a mwezi wapitawo.