CHALICHI PAKATI PA NYUMBA: CILOLEZO CICOKERA KUTI?

M'makomboni a ku Chipata monga Kapata, Mchini ndi Navutika, ndiponso m'midzi yozungulira maboma a Katete ndi Petauke, caka sicitha osaona mpingo watsopano ukuumba njerwa. Mipingo yambiri iyamba kupempherera m'kalasi la sukulu. Ikakula, amai ndi abambo asonkha ndalama za nshawa ndi cimanga, nagula puloti pakati pa nyumba za anthu. Cimene ambiri sazindikira ndi cakuti kugula puloti ndi nkhani ina, kuloledwa kumangapo chalichi ndi nkhani inanso.

Ena ati popeza Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza pa 29 December 1991 kuti Zambia ndi dziko la Cikhristu, ndipo mauwo analowa m'malamulo oyendetsera dziko mu 1996, palibe angaletse nyumba ya Mulungu. Ufulu wa kupembedza ulipodi. Koma khonsolo siifunsa za ciphunzitso ca mpingo. Ifunsa za malo. Ngakhale cikalata cimene mpingo ulandira polembetsa ku ofesi yolembetsa mabungwe cingonena kuti mpingowo ndi wodziwika ku Boma. Za pomanga sicinenapo kanthu.

Kuyambira mu 1975, m'nthawi ya Pulezidenti Kenneth Kaunda, malo onse a Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse, ndipo lamulo la malo la 1995 linasunga zimenezi. Munthu wokhala ndi cikalata ca malo ali ngati wobwereka kwa zaka zosapitirira 99. Pa mapu a khonsolo dera lirilonse liri ndi nchito yake: apa nyumba, apo masitolo, apo sukulu kapena nyumba zopempherera. Lamulo la 2015 loyang'anira kamangidwe ka mizinda ndi madera likuti wofuna kusintha nchito ya puloti ayambe wapempha cilolezo. Mpingo ulemba kalata ku khonsolo ndi kuperekako pulani ya nyumbayo. Pempho lilengezedwa kuti anansi amene ali ndi cidandaulo alankhule, ndipo a zaumoyo aona za madzi ndi zimbudzi. Khonsolo ingavomere, ingakane, kapena ingavomere ndi malamulo ake. Womanga popanda cilolezo angalamulidwe kuleka, ngakhale kugumula cimene wamanga.

Kodi ndi nkhanza imeneyi? Tiyeni tiganizire puloti ya m'komboni. Anaipimira banja limodzi, cimbudzi cimodzi cokumba, mwina ndi citsime cosazama capafupi. Tsono pa Sabata pafike anthu mazana awiri kapena atatu, ana ndi akulu, kucokera m'mawa kufikira masana. Cimbudzi cija cidzaza msanga, ndipo mvula ikagwa zonyansa zilowa m'citsime ca mnansi amene sali wa mpingowo nkomwe. Sitinaiwale kolera imene inabuka mu Lusaka mu October 2017. Pofika January 2018 Boma linaletsa misonkhano, pamodzi ndi mapemphero, m'makomboni amene nthendayo inakula monga Kanyama. Inabweranso mu 2023 ndi 2024, nigwira anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700, kotero kuti bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala. Woyang'anira zaumoyo akawerenga zimbudzi pa pulani ya chalichi, akumbukira zimenezo.

Palinso phokoso. Makina okweza mau pa mapemphero ocezera usiku wonse sasankha khutu. Mlonda amene agona usana, wodwala, ndi mwana wokonzekera mayeso a Giredi 7 nawonso ali ndi mbali m'komboni. Mpingo wanzeru ucezera anansiwo usanapereke pempho, ndi kupangana nawo za nthawi yoimba, m'malo moyembekeza kukumana nawo ku khonsolo nkhope zitaipa kale.

Inu akumidzi mungati izi ndi za m'tauni. Zoona, kumudzi malo apereka ndi anyakwawa ndi mfumu, ndipo machalichi ambiri aima pa mau a mfumu kwa zaka zambiri popanda bvuto. Koma maboma akukula, ndipo munda wa dzana lero ndi mapuloti. Lamulo la 2015 lilola khonsolo kupangana ndi mafumu za kamangidwe ka malo a cikhalidwe. Mpingo wofuna cikalata pa malo otere uyenera kupeza cilolezo colembedwa ca mfumu, kenaka civomerezo ca khonsolo, ndipo pepala lomaliza licokera kwa Komishinala wa Malo.

Apa mpofunika kucenjera kwambiri: cikalata cilembedwe m'dzina la yani? Nthawi zambiri, pofuna kufulumira, puloti ilembedwa m'dzina la abusa. Abusa akamwalira puloti ija iwerengedwa m'cuma ca masiye, ndipo ana awo angaifune. Mpingo ukagawanika, wogwira pepala ndiye atsala ndi nyumba, pamene amai amene anasenza madzi ndi mcenga abwerera m'kalasi la sukulu. Lamulo lilola mpingo kusankha akuluakulu osunga cuma cake ndi kuwalembetsa ngati bungwe, kuti malo akhale a mpingo ngakhale anthuwo asinthe.

Makhonsolo nawo ali ndi mlandu wao. Pempho likagona m'ofesi miyezi yambiri, anthu ataya mtima namanga usiku. Malo atsopano akapimidwa osasiyako popempherera, mipingo ipanikizana ndi nyumba cifukwa ilibe kwina. Ndipo kugawa malo mwacinyengo si nkhambakamwa: mu 2020 Boma linaimitsa kwa kanthawi makhonsolo a Lusaka ndi Kitwe pa nkhani yomweyi. Khansala mmodzi payekha, kapena mkulu wa cipani m'komboni, alibe mphamvu yogawa puloti, ndipo kapepala kake sikateteza khoma tsiku logumula.

Mpingo umene uli ndi ndalama m'thumba lero utume akulu awiri ku ofesi ya mapulani ya khonsolo, atanyamula nambala ya puloti, akafunse nchito imene malowo anaikidwira asanalipire ngwee. Ngati dera lonse lilibe malo opempherera, nkhaniyo ikaperekedwe ku komiti ya citukuko ya wadi, kuti ilowe m'pulani ya khonsolo malo otsala asanathe kugawidwa.