Mkangano wa pa Arapiles: mawu omaliza ndi a ndani?

Mkangano womwe udabuka m'chigawo cha Victoria ku Australia mu Novembala 2024 udadzutsanso funso lakale: ndani ali ndi mawu omaliza pa malo omwe ena amawaona ngati bwalo la masewera pomwe ena amawalemekeza ngati cholowa cha makolo?

Gwero la nkhaniyi ndi phiri la Arapiles, lomwe eni nthaka amalitcha Dyurrite. Matanthwe ake ndi mchenga womwe udaumbika kalekale n'kusanduka mwala wolimba, wokhala ndi ming'alu yabwino kugwira. N'chifukwa chake okwera matanthwe ndi zingwe amachokera m'maiko akutali kukayesa njira zoposa 2,000 zomwe zili pamenepo.

Bungwe la boma loyang'anira malowa, Parks Victoria, lidatulutsa ndondomeko yofuna kutseka pafupifupi theka la njirazo. Lidatero kafukufuku atapeza malo omwe makolo a Awotjobaluk ndi mitundu yoyandikana nawo ankasemako miyala yopangira zida, zojambula pamatanthwe komanso mitengo yomwe ankasendako makungwa. Mapazi, zitsulo zokhomera zingwe ndi choko chomwe okwera amapaka m'manja zikhoza kuwononga zinthuzi, ndipo zikawonongeka sizibwereranso.

Nawo okwera, pamodzi ndi anthu a m'tauni yaing'ono ya Natimuk yomwe malonda ake amadalira alendowa, adadandaula kuti sadafunsidwe mokwanira.

Australia idakumanapo kale ndi nkhani yotere ku Uluru, chimwala chamchenga chotalika mamita 348. Boma lidabweza malowo kwa eni ake, Aanangu, pa 26 Okutobala 1985. Kwa zaka zambiri iwo sadaletse munthu kukwera, koma ankangopempha alendo kuti asatero, n'kumafotokoza chifukwa chake. Okwera adayamba kuchepa okha. Komiti yoyendetsa malowo idagwirizana zotseka njira yokwerera mu Novembala 2017, ndipo chiletsocho chidayamba kugwira ntchito pa 26 Okutobala 2019. Onse okhudzidwa adali ndi zaka ziwiri zokonzekera.

Komabe malo awiriwa ndi osiyana. Mlendo amakhutira kungoona Uluru kapena kuyenda mozungulira tsinde lake, pomwe ambiri opita ku Arapiles amapitira kukwera basi. Kutseka njira kumeneko n'kukhudza mphika wa mabanja a ku Natimuk.

Zomwe zidachitika ku Uluru zikusonyeza kuti chiletso chimakhazikika chikakhala kuti eni nthaka ali pampando wogamula, zifukwa zafotokozedwa poyera ndipo otayapo kanthu apatsidwa nthawi. Ku Arapiles, ufulu wa eni nthaka woteteza cholowa chawo sufunika kukayikiridwa. Ntchito yomwe ili m'manja mwa boma ndi kukhazika mbali zonse pamodzi, kuunika thanthwe lililonse palokha ndi kusiyanitsa malo oyenera kutsekedwa ndi omwe zingwe zingapitirire kudutsa popanda kuwononga kanthu.